Kalata Yotseguka kwa Bwanamkubwa wa Boma la Dedza: Za Mabwalo a Ana a ku Kabwazi

Kabwazi,
Dedza.

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Dedza,
pamodzi ndi Wapampando ndi makhansala onse a Khonsolo.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndi kuomba m'manja, monga achitira munthu wamng'ono akafika pakhomo pa mkulu, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndikhale kumapeto kwa mphasa yanu kanthawi pang'ono, kuti nditule pamaso panu nkhani imene yakhala ikundilemera mumtima zaka zambiri, imenenso anzanga a kuno ku Kabwazi amaidandaula tikakumana pamaliro, pamsika ndi potuluka m'tchalitchi, koma osaifikitsa kumene ingamveke. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, amene ndinagwira choko zaka zoposa 30 m'sukulu za pulayimale za m'boma lino. Ndinenso mwinimbumba, woyang'anira ana a alongo anga ndi zidzukulu zawo monga mwa mwambo wa Achewa. Ndipo popeza mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndaona kuti n'kwabwino ndilankhule ndikali ndi mpweya. Kalatayi ndailemba yotseguka chifukwa mlandu wa mudzi wonse sukambidwira kuseri kwa nkhokwe. Ndifuna kuti mafumu, makolo, aphungu ndi anyamata eni ake amve zimene ndakuuzani, kuti ngati ndanama anditsutse, ngati ndanena zoona andivomereze.

Nkhani yanga ndi ya mabwalo a masewera a ana athu. Ndidziwa kuti pa tebulo lanu pali milandu yolemera, ya njala, ya milatho yokokoloka ndi madzi, ya mankhwala m'zipatala, kotero kuti munthu wobwera ndi nkhani ya mpira angaoneke ngati wabweretsa chibwana pakati pa akulu. Koma ndikupemphani kuti muyambe mwalingalira liwu lenilenilo lakuti bwalo, m'mene ife Achewa timalimvera. Pabwalo ndi pamene mfumu ndi nduna zake aweruzira milandu. Pabwalo ndi pamene gule atulukira ng'oma zikalira, mudzi wonse utazinga. Pabwalo ndi pamene namwali aonekera kwa anthu atatuluka m'tsimba. Ndipo pamene mpira unafika m'dziko muno pamodzi ndi sukulu za amishoni, makolo athu sanavutike kufuna dzina lina la malo osewererapo, anangowatcha bwalo, pakuti ntchito yake ndi imodzimodzi: ndi pamalo poyera pamene mwana aimirira pamaso pa anthu, nayesedwa mphamvu zake, naphunzira kumvera lamulo limene sanalipange yekha, kugonja wosachita ndewu, ndi kupambana wosanyoza mnzake. Kwa ife mudzi wopanda bwalo ndi misasa chabe ya anthu ogona moyandikana.

Mukadafika kuno tsiku lina Loweruka masana m'mwezi wa July, nthawi imene mphepo yozizira ya kumapiri ilowa m'mafupa, minda itakololedwa, ng'ombe zikudya mapesi, mukadaona ndi maso anu chimene ndikunenachi. Kuyambira m'mawa anyamata amakhala atasesa bwalo, atatola minga ndi ndowe, atalemba mizere yake ndi phulusa lopala m'makhitchini a amayi awo. Magolo ake ndi mitengo ya bulugamu, pamwamba atapingasa nsungwi imene imakhota pakati chifukwa cha kulemera kwake komwe. Ana aang'ono, amene nthawi yawo yolowa m'bwalo lalikulu sinafike, amasewera m'mbali ndi chikulunga chawo. Ndakhala ndikumuyang'ana mdzukulu wanga akupanga mpira wotere pakhonde panga: amatola majumbo otayidwa pamsika, nawapanikiza m'jumbo limodzi lolimba kufikira atabulungika ngati kadzungu, nawawaula pang'ono pamoto kuti agwirane, kenaka n'kuwaluka ndi chingwe chosolola m'thumba la feteleza, mfundo pa mfundo, lilime lili panja ndi khama, mpaka mpirawo uzidumpha akaugwetsa pansi. Akuluakulu awo ali ndi mpira umodzi wokha wachikopa, umene anaugula timu yonse italima ganyu m'dimba la mbatata ya kachewere, ndipo wapita kwa wosoka nsapato kambirimbiri kotero kuti zigamba zachuluka kuposa chikopa chake choyamba. Ukaphulika masewera ali pakati, khamu lonse limakhala pansi kudikira mnyamata wa njinga amene wathamanga nawo kukamatitsa. Ambiri amasewera ndi mapazi ong'aluka ndi chisanu. Ena awiri amagawana nsapato, wina ya kumanja, wina ya kumanzere. Kutsidya kwa bwalo atsikana amaponya mpira wa manja m'limu la njinga lokhomeredwa pamtengo. Koma chigoli chikalowa, amayi amathamangira m'bwalo ndi nthungululu, ana akuimba zitini, fumbi lili koboo, ndipo nkhalamba zimene zinabwera ndi ndodo zimaimirira zitaiwala ndodozo pansi.

Palibe amene anawatuma ana amenewa, Bwana, ndipo palibe amene amawalipira. Moto anaukoleza okha, ndipo chimene ndikupempha kwa inu ndi nkhuni zochepa kuti usazime.

Kulimbitsa thupi la mwana sitinakuphunzire kwa Azungu. Ife tinakula tikulimbana pamchenga wa kudambo pobusa ng'ombe, tikukwapula nguli, tikuthamangitsana pa chipako mwezi ukawala, alongo athu akuchita phada ndi fulaye, masewera ofuna diso lakuthwa ndi thupi lopepuka. Tinakula tikuonera madoda pa bawo pansi pa mtengo, kumene mwana amaphunzira kuwerenga ndi kuona patsogolo asanalowe m'kalasi. Mganda unkafuna mnyamata wopirira, wotha kuponda mofanana ndi anzake kuyambira masana kufikira dzuwa kulowa, ndipo chitelera ndi chimtali zinkatero ndi atsikana. Za kudambwe sizilembedwa m'kalata, ndipo sindizilemba. Koma aliyense amene anaonapo gule pabwalo adziwa liwiro, mphamvu ndi kupirira kumene kumaoneka pamenepo. Dziko lonse lapansi linavomereza ulemerero wa zinthu zimenezi pamene bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu m'chaka cha 2005, ndipo m'chaka chotsatira, 2006, linalemba mapanga a ku Chongoni, m'boma lathu lomwe lino, pa mndandanda wa chuma cha anthu onse, malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, zina za Akafula, zina zoyera zimene makolo athu Achewa anajambula polanga anamwali ndi pa miyambo ya nyau. Makolo amenewo analibe pepala, komabe analemba pathanthwe kuti kulera achinyamata ndi ntchito ya mudzi wonse. Chifukwa chake, pamene ndinena za masewera, musamve mpira wokha. Ndikunenanso za phada, nguli, bawo ndi mganda, zimene ndikupempha kuti zikhale ndi malo ake ndi mphotho yake pa mpikisano uliwonse umene Khonsolo ingakonze, kuti mwana wa Mchewa asaganize kuti cholowa cha agogo ake n'chochititsa manyazi pamaso pa akuluakulu a Boma.

Pamene ndinayamba uphunzitsi, sukulu iliyonse imene ndinaidziwa inali ndi bwalo lake ndi madzulo ake a masewera, ndipo chaka ndi chaka tinkatenga ana wapansi kukapikisana ndi sukulu zoyandikana nazo pa liwiro, pa kudumpha, pa mpira wa miyendo ndi wa manja, opambana n'kupitirira mpaka ku Boma. Masiku amenewo sindiwalirira onse, pakuti anali ndi zowawa zake zimene tonse tizidziwa. Koma ndi masiku omwewo amene tinkazinga wailesi imodzi mudzi wonse kumvera Kinnah Phiri ndi anzake akutenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi mu 1979, ndipo m'mawa mwake mwana aliyense pabwalo la sukulu ankadzitcha Kinnah. M'chaka cha 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, chinthu chabwino chimene ndichiyamika kufikira lero, ndipo ana m'dziko lonse anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ife aphunzitsi tinapezeka tili ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi, ena pansi pa mtengo. Ndipo pamene midadada yatsopano inayamba kumangidwa, malo athyathyathya osavuta kukumba maziko m'sukulu zambiri anali m'mphepete mwa bwalo. Pambuyo pake maphunziro atakonzedwanso, kulimbitsa thupi kunaphatikizidwa ndi nyimbo, magule ndi zojambula m'phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts, ndipo popeza mphunzitsi wopanikizidwa amathamangira chimene chidzabwere pa mayeso, ana ambiri lero amakopera malamulo a mpira wa manja m'kope kuchokera pabolodi, mpirawo osaugwira m'manja chaka chonse. Ine ndemwe ndinaphunzitsapo motero zaka zanga zomaliza, ndipo mtima wanga sunakondwere nazo.

Koma chimene chandikakamiza kugwira cholembera ndi ichi. M'mudzi wina wa kuno, umene sindiutchula dzina chifukwa eni ake ndi abale anga ndipo tidzakumana pamaliro, munali bwalo limene ine ndinaliona ndili mwana, pamene atate a anyamata a lero, ndi atate awonso, anasewerapo. Chaka china mvula yoyamba itagwa, anyamata analawira kukasesa, napeza theka la bwalo lili mizere, golo limodzi litazulidwa n'kugonekedwa bwinobwino m'mphepete, mbewu itabzalidwa kale. Wolimayo ananena kuti malowo anali a agogo ake aakazi, amene anangobwereka anyamata pa nthawi ya mfumu yakale. Ndipo popeza mfumuyo inagona kale, mboni zake zonse zinatsikira kuli chete, ndiponso panalibe kalata ngakhale chizindikiro cha malire, mlandu unatha mwa chinyengerero, bwalo n'kukhala munda. Ndinaona anyamata amenewo ataima m'mphepete mwa mizere, mpira uli m'khwapa, osalankhula kanthu, kenaka n'kubalalika mmodzimmodzi. Timu imeneyo sinakumanenso. Munthu wolimayo sindimuyesa woipa, pakuti ali ndi ana ofuna kudya, ndipo dziko silikula pamene anthu akuchuluka: kalembera wa 2008 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Dedza, wa 2018 napeza oposa 800,000. Mbumba iliyonse ikugawana munda umene kale unali wa mayi mmodzi, ndipo khasu likasowa kolowera limayang'ana malo amene alibe mwini wowalankhulira. Bwalo la ana ndilo loyamba kugwa, chifukwa ana saitanidwa pokamba za malo.

Pamenepa ndi pamene ndagwira mwendo wanu kolimba, Bwana. Lamulo la malo a mafumu la m'chaka cha 2016 linakhazikitsa makomiti a za malo m'midzi, ndipo linatsegula njira yakuti malo ayezedwe ndi kulembedwa m'kaundula. Ndikupempha kuti Khonsolo, mogwirizana ndi Gogo Chalo, magulupu ndi nyakwawa, itume anthu ake odziwa kuyeza malo adzayende m'dera la Kabwazi, kuti bwalo lililonse limene likalipo, la sukulu ngakhale la mudzi, liyezedwe, liikidwe miyala m'ngodya zake, lilembedwe kuti ndi malo a anthu onse, osagulitsidwa, osalimidwa, osamangidwapo golosale; ndipo kumene bwalo linatha kale, mafumu apemphedwe mwaulemu kupatula maekala awiri kapena atatu, mwini wake atapepesedwa moyenera pamaso pa mboni. Pozungulira pake ana a sukulu adzabzala mitengo, imene idzakhala malire osasunthika ndi mthunzi wa oonera. Ntchito imeneyi sifuna simenti kapena malata. Ifuna chingwe choyezera, buku, chidindo ndi mawu a munthu waulamuliro. Koma ikachedwa zaka zina khumi sipadzakhalanso choyeza.

Mwina wina adzati, kodi ana a kumudzi sathandizidwa kale, popeza timamva za zikho ndi mabonanza? Zoonadi timaziona, ndipo amene amapereka sindiwanyoza, pakuti dzanja lopatsa liyenera ulemu. Koma zikho zimenezi zimabwera monga mvula ya chizimalupsa, chisankho chikayandikira: magalimoto amafika ndi zimkuzamawu, majezi olembedwa dzina la wopereka amagawidwa, ndalama zimaonetsedwa m'mwamba, ndipo chifukwa ndalamayo ndi yambiri pa tsiku limodzi, matimu amakabwereka osewera akuluakulu kutali, ana eni mudzi n'kukhala oonera, masewera n'kuthera m'ndewu ndi kuthamangitsa woimbira. Mavoti akawerengedwa bwalo limabwerera kwa mbuzi zaka zinayi. Ndi chikomekome cha mkuyu chimenechi, m'kati muli nyerere. Mwana sakula ndi phwando la tsiku limodzi. Akula ndi phala la m'mawa uliwonse, ngakhale likhale lopanda shuga.

Chimene chingatithandize ndi ligi yaing'ono yokhazikika, yobwera chaka ndi chaka monga ibwera nyengo ya masika, yosayang'ana chipani ngakhale mpingo, yoyendetsedwa ndi ofesi ya zamasewera ya Khonsolo pamodzi ndi bungwe la masewera a m'sukulu la MASSA ndi makomiti a chitukuko a m'midzi. Iyambe mu May zokolola zitalowa m'nkhokwe, ithe mu October anthu asanatanganidwe ndi kugalauza, kuti kholo lisadzanene kuti mpira walanda mwana khasu. Ndandanda yake mafumu aidziwe ndi kuidalitsa, kuti isawombane ndi ziliza, chinamwali kapena gule, ndipo maliro akagwa m'mudzi masewera aime monga mwa ulemu wathu. Ana apikisane ndi a msinkhu wawo, zaka zawo zitatsimikizidwa ndi kaundula wa sukulu, ndipo amene wathawa sukulu asavale jezi mpaka atabwerera m'kalasi. Ndakhala mphunzitsi nthawi yokwanira kudziwa kuti lamulo limeneli limabweza ana amene chikwapu chinalephera kuwabweza. Pa tchuthi chachikulu aphunzitsi angapo ndi anyamata okhulupirika a m'midzi aphunzitsidwe kuphunzitsa timu, kuimbira masewera ndi kumanga mwendo wobinya, pakuti kuno mwana akathyoka pabwalo amanyamulidwa panjinga, mwendo ukulendewera. Mtengo wa zonsezi, ndiwo mipira, mawezulo, maukonde ndi kabokosi ka mankhwala pa zoni iliyonse, ndi kachigawo kakang'ono ka thumba la CDF kapena ka ndondomeko ya chuma ya Khonsolo, kakang'ono kuposa mtengo wa mlatho umodzi. Chofunika n'chakuti kalembedwe m'buku chaka chilichonse, kuti kasadalire kukoma mtima kwa munthu mmodzi. Boma lathu lanyadira kuona Dedza Dynamos ikusewera mu Super League, ndipo timu yotere iyenera kukhala ndi chitsime chotungako pafupi, ku Kabwazi, ku Lobi, ku Linthipe, ku Mayani ndi ku Kaphuka.

Tsopano ndilankhule za atsikana, ndipo pano mundilole ndichedwepo, chifukwa bala lake lili m'nyumba mwanga. Mlongo wanga anali ndi mwana wamkazi wamtali, wamanyazi polankhula, amene akagwira mpira wa manja pansi pa limu lija sankaphonya, ndipo pa liwiro ankasiya anyamata a kalasi yake. Masiku a masewera ndiwo ankamudzutsa m'mamawa kuti atunge madzi ndi kusinja msanga, apeze nthawi yopita kubwalo. Mphunzitsi wamkazi amene ankawaphunzitsa mpira atasamutsidwa, panalibe wina wolowa m'malo mwake. Mpira umodzi umene anali nawo unaphulika, mtengo wa limu unadyedwa ndi chiswe, ndipo atsikana anabwerera kumtondo. Chaka chisanathe mwanayo anasiya sukulu ali Sitandade 7, ndipo ine atsibweni ake, amene mwambo unandipatsa mphamvu yokana, ndinamva nkhani ya ukwati madzi atafika kale m'khosi. Lero ali ndi ana ake, ndipo akamadutsa pabwalo ndi mtolo wa nkhuni pamutu amaima pang'ono kuyang'ana. Sindinena kuti mpira wokha ukadamupulumutsa. Koma ndidziwa kuti pamene anali m'timu anali ndi anzake omufunsa akajomba, anali ndi mayi wamkulu womuyang'anira amene sanali mayi wake, ndipo anali ndi chifukwa chodziyesera munthu wofunika.

Boma lathu la Dedza linatchuka pa dziko lonse chifukwa cha Inkosi Theresa Kachindamoto, imene inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu. Ndipo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati, poyamba m'lamulo la 2015, kenaka m'malamulo aakulu a dziko mu 2017. Koma mtsikana wobwezedwa kusukulu afunika kupeza kumeneko chinthu chomukondweretsa mtima, kuti asangokhala ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Taonani zimene ana aakazi a kumidzi achitira dziko lino atapatsidwa mpata. Mwai Kumwenda, wochokera ku Mzimba, anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa manja ku Sydney mu 2015. Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, anamwetsa zigoli zambiri kuposa onse mu ligi ya mpira wa miyendo ya ku Italy, kenaka mu ya ku France. Mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, nasankhidwa kukhala wopambana onse chaka chimenecho. Ndipo mu 2023 timu ya amayi ya dziko lino ya Scorchers inagonjetsa Zambia 2-1 n'kutenga chikho cha COSAFA. Ana amenewa anayambira pa fumbi longa lathuli. Kodi Mulungu pogawa mphatso anadumpha mapiri a Dedza? Ndikupempha kuti pa mipira iwiri iliyonse imene Khonsolo idzatumize kuno, umodzi ukhale wa atsikana, ndi kuti timu iliyonse ya atsikana ikhale ndi mayi wodalirika woyenda nayo, wosankhidwa ndi makolo ndi anamkungwi, kuti amayi asaope kulola ana awo kupita kukasewera kumudzi wina. Ku Bembeke kuli sukulu ya St Joseph's yophunzitsa aphunzitsi aakazi. Ngati atsikana otuluka kumeneko atamabwera m'sukulu zathu akudziwa kuimba wezulo, theka la ntchitoyi latha.

Palinso mphatso ina imene tinaikwirira pansi monga kapolo uja wa m'fanizo la m'Baibulo anakwirira ndalama ya mbuye wake. Dziko lathu ndi lokwera ndi lozizira. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake lipitirira mamita 2,000, ndipo ana athu amakwera zitunda tsiku ndi tsiku popita kusukulu, kuchigayo ndi kumsika. Akatswiri a liwiro la mtunda wautali a ku Kenya ndi Ethiopia amachokera kumapiri, ku Iten ndi ku Bekoji, kumene aphunzitsi a sukulu ndiwo anayamba kuwazindikira. Malawi wakhala akupita ku masewera a Olympics kuyambira mu 1972, ndipo sanabwereko ndi mendulo ngakhale imodzi. Bwalo lalikulu la Bingu linatsegulidwa ku Lilongwe mu 2017, ndipo mu December 2022 achinyamata a maiko a kum'mwera kwa Africa anadzapikisana mumzinda womwewo, ulendo wa maola ochepa kuchokera kuno. Koma njira yochokera pabwalo la phulusa kukafika pabwalo limenelo palibe anailambula. Zaka zonse za uphunzitsi wanga ndinaona ana othamanga ngati gwape, ndipo sindinaonepo munthu atabwera ndi wotchi kudzayeza liwiro la mmodzi wa iwo. Mpikisano umodzi wa liwiro pachaka, wodutsa m'njira za m'midzi, ndi munthu mmodzi wodziwa wokhala ndi wotchi ndi buku, ungatiuze chimene tili nacho.

Ndibwerere ku mawu amene ndinayamba nawo, akuti pali milandu yolemera kuposa uwu. Mpira sudzadzaza nkhokwe, ndipo mwa ana chikwi mwina mmodzi yekha ndiye adzadye za mpira. Ine sindikupempherera mmodziyo, ndikupempherera otsalawo. Pafupifupi theka la anthu a dziko lino ndi ana osafika zaka 18. Mnyamata amene wakolola soya wake mu April, ndipo alibe chochita kufikira mvula, adzapeza pokhala: ngati si pabwalo, ndi pa kachasu, pa chamba, m'kanyumba ka vidiyo kumene aonera mpira wa ku England n'kumataya pa juga ndalama ya feteleza, kapena pa msewu wa ku Joni wodutsa pachipata cha Dedza ndi ku Tete, umene ena abwerako ndi njinga yamoto, ena m'bokosi. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Zimene achita anyamata osowa chochita zimathera pa tebulo lanu lomwelo, ngati milandu ya kupolisi ndi odwala m'chipatala. Koma anyamata a m'timu ali ndi kapitawo amene amamumvera, ali ndi tsiku ndi ola lokumana, amadziwa kusonkha ndalama ndi kuisunga, amaletsana kumwa usiku woti mawa kuli masewera. Ndipo mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi amene amavutika kusonkhanitsa achinyamata adzawapeza onse pamalo amodzi Loweruka masana. Ndawaonapo anyamata a mpira akukumba manda, akukonza mlatho wa mitengo, akunyamula wodwala usiku, chifukwa anazolowera kuitanidwa ndi dzina limodzi.

Sitikubwera kwa inu manja lendelende, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi lathu. Makasu osalazira bwalo tili nawo. Mitengo ya magolo tidzadula tokha. Amayi adzaphika tsiku la mpikisano monga aphikira pa ziliza. Ife aphunzitsi opuma, amene tikali ndi maso owerenga, tidzasunga mabuku a zigoli ndi a zaka za ana popanda malipiro. Chimene sitingathe patokha ndi kuika chidindo pa malo, kulemba mzere m'ndondomeko ya chuma, ndi kutuma mphunzitsi wa aphunzitsi. Zimenezo zili m'manja mwanu ndi mwa makhansala amene tinawasankha.

Chifukwa chake, Bwana, ndikukuitanani. Sankhani Loweruka limodzi pakati pa May ndi October, mubwere ku Kabwazi pamodzi ndi mkulu wa zamasewera ndi munthu wa chingwe choyezera malo. Musatitumizire uthenga woti tikonze mipando ndi mahema. Mudzakhale pa benchi la sukulu pakati pa mafumu, muone ana athu akusewera monga asewera masiku onse, mugwire chikulunga m'manja mwanu, ndipo masewera akatha, dzuwa lisanalowe, tidzayeze bwalo loyamba inu muli pomwepo.

Ine wanu wokulemekezani,

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Kabwazi, Dedza.